Matenda Akabwerera Munthu Atayamba Kuchira

Kuno ku Chamama, ndi m'midzi yonse ya m'chidikha cha Kasungu, munthu timamuyesa ndi ntchito ya manja ake. Wodwala malungo kapena wothyoka mwendo timamumvera chisoni msanga, pakuti matenda ake aoneka ndi maso. Koma alipo odwala ena amene thupi lao lilibe bala, komabe mphamvu zidawathera ndipo mtima udawalemera. Otere akayamba kupeza bwino banja lonse limakondwa. Tsono akagwanso patapita milungu iwiri kapena itatu, abale amayamba kung'ung'udza, ndipo wodwalayo amataya mtima. M'phunziro la lero tiona chifukwa chake matendawa amabwerera, ndi zimene wodwala ndi abale ake ayenera kuchita pa masiku oterowo.

1. Matenda awiri ofanana nkhope

Oyamba ndi matenda a kukhumudwa, amene ambiri amangowatchula kuti kuganiza kwambiri. Munthu amakhala wachisoni pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kupitirira. Zimene ankakonda sizimkomeranso, tulo timamthawa kapena timamchulukira, nsima siilowa, ndipo amadziyesa wachabechabe. M'chaka cha 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidati odwala matendawa analipo ngati 280 miliyoni.

Achiwiri ndi kutopa kosatha, kumene madokotala amalemba kuti ME/CFS. Bungwe lomwelo lidakuika m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha m'chaka cha 1969. Chizindikiro chake chachikulu ndi ichi: wodwala akagwira ntchito yopitirira mphamvu zake, sagwa nthawi yomweyo, koma mawa lake kapena mkuja, ndipo amagona masiku angapo, mwina milungu. Ngakhale agone usiku wonse, amadzuka ngati sanagone konse. Ena matendawa amawayamba atadwala nthenda ina, monga Covid-19 imene idalowa m'Malawi mu April 2020.

Kusiyana kwake tikusunge bwino. Wokhumudwa chilakolako cha ntchito chimamchoka, koma akayenda pang'ono ndi kucheza ndi anthu amapepukidwa. Wa kutopa kosatha ntchito amaifuna, koma thupi limakana, ndipo akalikakamiza amadwala koposa. Kawirikawiri matenda awiriwa amakumana mwa munthu mmodzi.

Koma tisafulumire kutchula dzina la nthenda tisanapimitse. Kuchepa kwa magazi, malungo, chifuwa chachikulu, HIV, shuga ndi likodzo, zonsezi zimafooketsa munthu. Alimi a fodya adziwenso kuti pothyola masamba onyowa ndi mame, chikonga chimalowa m'thupi kudzera pa khungu, nichititsa chizungulire, nseru, mutu ndi kufooka. Koma zimenezi zimatha patapita masiku owerengeka. Nchifukwa chake wodwala ayambe wapita ku chipatala chapafupi, kapena ku chipatala chachikulu cha boma ku Kasungu. Safunsa adadya phula.

2. Chifukwa ninji matenda amabwerera?

Chifukwa choyamba ndi tsiku labwino. Wodwala amadzuka m'mawa wina thupi lili lopepuka, naona udzu m'munda, zovala zakuda ndi mitsuko youma. Pochita manyazi ndi masiku amene adagona, amafuna kubweza ngongole yonse tsiku limodzi. Mkuja mwake ali pamphasa. Sikuti matenda akula mwa okha: iye wadya lero mphamvu za mlungu wathunthu.

Chachiwiri ndi kuleka mankhwala. Mankhwala a kukhumudwa, monga amitriptyline ndi fluoxetine, sagwira ntchito ngati a mutu. Pamapita milungu iwiri, inayi kapena kuposerapo munthu asanamve kusintha, ndipo atapeza bwino ayenera kumwabe kwa miyezi yosachepera 6. Ambiri amaleka akangoona kuti ayamba kuseka, ndipo matenda amabwerera. Kuchepetsa kapena kuleka mankhwala nkwa dokotala, si kwa wodwala yekha.

Chachitatu ndi nyengo. Chaka cha mlimi wa fodya chili ndi zitunda zake: kuthirira nazale dzuwa likutentha, kuwokera mvula ikagwa, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa mu January ndi February, pamene nkhokwe zambiri zili zopanda kanthu. Pambuyo pake pamabwera nkhawa ya msika wa ku Chinkhoma, ya mitengo ndi ya ngongole za feteleza. Wodwala wanzeru amadziwiratu miyezi imene idamgwetsa chaka chatha, nakonzekera isanafike.

Palinso maliro, ndeu za m'banja, kudwala nthenda ina, ndiponso mowa. Kachasu amaiwalitsa nkhawa madzulo, koma amaibweza m'mawa itanenepa, ndipo amaononga tulo.

3. Kugwanso si kubwerera poyambira

Mlimi aliyense adziwa kuti mbande ya fodya ikawokeredwa imafota masana kwa masiku angapo. Mlendo angaiyese yakufa, koma mwini munda saizula, pakuti adziwa kuti pansi mizu ili kugwira. Kuchira kwa matenda awa nkotero: masiku abwino ndi oipa amasakanikirana, ndipo oipawo amachepa pang'onopang'ono. Ena amachiriratu, ena, makamaka a kutopa kosatha, amakhala nao matendawa zaka zambiri, naphunzira kukhala bwino m'malire a mphamvu zao.

Tsono musamayese kuchira kwanu poyerekeza lero ndi dzulo, koma mwezi uno ndi mwezi watha. Wodziwa kulemba azilemba m'kabuku madzulo alionse ntchito imene wagwira ndi m'mene thupi lamvera. Wosadziwa kulemba atenge kachitini, aziponyamo njere ya chimanga pa tsiku labwino ndi ya nyemba pa tsiku loipa, nawerenge mwezi ukatha. Tsiku la mdima mtima umanama kuti palibe chimene chasintha, koma njerezo sizinama.

4. Zoyenera kuchita pa masiku ogwa

Choyamba, wa kutopa kosatha achepetse ntchito msanga, asadikire kuti agwe kotheratu. Kale madokotala ankalangiza odwala otere kuti azionjezera masewero olimbitsa thupi mlungu ndi mlungu, amve bwino asamve bwino. Koma m'chaka cha 2021 bungwe la NICE, limene limapereka malangizo kwa madokotala a ku England, lidachotsa langizo limenelo. M'malo mwake lidati wodwala aphunzire malire a mphamvu zake ndi kusawadumpha. Ngati mizere khumi imakugwetsani, limani isanu, ndipo lekani musanatope. Gwirani mutakhala pansi ntchito imene ingatheke motero, monga kusoka ndi kusankha fodya. Kuthamanga si kufika.

Chachiwiri, wokhumudwa asadzitsekere m'nyumba. Asankhe chinthu chimodzi chaching'ono pa tsiku: kusamba, kukhala pakhonde, kudyera pamodzi ndi ana, kukapereka moni kwa mnansi. Asadikire kuti mtima ufune, pakuti pa matenda amenewa mtima umatsatira miyendo.

Chachitatu, auzeko munthu wodalirika. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu mzinda wa Harare. Amai achikulire adaphunzitsidwa kukhala pa benchi panja pa chipatala, kumvetsera wodwala, ndi kumthandiza kusankha vuto limodzi ndi kulipezera njira. Kafukufuku amene adasindikizidwa m'chaka cha 2016 adaonetsa kuti patapita miyezi 6, mwa odwala 100 alionse amene adakhala pa benchipo, 14 okha ndiwo anali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa odwala enawo analipo 50. Mankhwala ake anali makutu ndi kuleza mtima, zinthu zimene m'midzi mwathu sizisowa.

Chachinai, abwerere ku chipatala ngati masiku oipa apitirira milungu iwiri, kapena ngati paoneka chizindikiro chachilendo. Kubwerera si manyazi. Ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba, kapena ku zipatala za St John of God za ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Chachisanu, ndipo ichi ncholemera kuposa zonse: wodwala akayamba kunena zakuti kuli bwino afe, musayese nthabwala ndipo musamdzudzule. Mfunseni mosabisa, musamsiye yekha, ndipo mpite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Mankhwala ophera tizilombo a ku nazale ndi a m'nkhokwe atsekeredwe kutali, kiyi asunge munthu wina. Maganizo otere amabwera mwamphamvu, koma amapita, ndipo ambiri amene adapulumutsidwa pa ora loipalo ali moyo lero.

5. Udindo wa abale ndi wa mphakati

Pali mau atatu amene amapweteka wodwala kuposa nthenda: kuti ndi waulesi, kuti adalodzedwa, ndi kuti chikhulupiriro chake nchochepa. Onse atatu ngabodza. Kuthamangira kwa oombeza kumatha ndalama za mankhwala, nikudanitsa abale. Za chikhulupiriro, werengani 1 Mafumu 19. Mneneri Eliya, atangopambana pa phiri la Karimeli, adathawira kuchipululu, nakhala pansi pa kamtengo, napempha imfa. Mngelo sadamdzudzule: adampatsa mkate ndi madzi, namleka agonenso, nampatsanso chakudya kachiwiri ulendo usanayambe. Yohane wa Mulungu woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1550, adagonekedwapo iye mwini pakati pa odwala misala m'chipatala cha ku Granada, ndipo atatuluka adapereka moyo wake wonse kwa odwala.

Wodwala asadzizunze mumtima akalephera kufika ku Misa la Mulungu, pakuti Eklezia sakakamiza odwala. Abale auze atsogoleri a mphakati kuti ansembe adziwe, amuyendere ndi kumpatsira Ukaristia kunyumba. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana.

Ndipo pokazonda wodwala tisamangonyamula mau. Mutu umodzi susenza denga. Akristu a mphakati angathe kumlimira tsiku limodzi, kumtungira madzi, kumperekeza ku chipatala pa njinga, kapena kukhala naye chete pakhonde. Mukamuona ali kuseka pa msika Loweruka, musanene kuti adachira; mwina tsiku limenelo adzalilipira ndi masiku atatu a pamphasa. Mfunseni chimene angathe lero, ndipo mukhulupirire yankho lake.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Kodi matenda a kukhumudwa asiyana bwanji ndi kutopa kosatha?
2. Chifukwa ninji tsiku labwino lingathe kugwetsa wodwala?
3. Kodi ndi miyezi iti imene imalemera koposa m'mudzi mwathu, ndipo odwala tingawapeputse bwanji pa miyezi imeneyo?
4. Nanga mankhwala a m'munda timawasunga pati m'nyumba zathu?
5. Ndani pakati pathu amene tidaleka kumuyendera chifukwa adadwala nthawi yaitali?