Makatoni otsala titasamuka: tisunge kapena tiotche?

Okondedwa Alangizi,

Mwezi watha tinasamuka ku Ndirande kubwera kuno ku Chilobwe. Makatoni omwe tinalongedzamo katundu angoti mbwee m'chipinda cha ana, pamodzi ndi majumbo, matumba ndi zoyera zofewa zija zimabwera ndi TV. Bambo a kunyumba akuti Loweruka tingozisonkhera moto kuseri kwa nyumba. Ine mtima ukukana, poti nyumbayi ndi ya lendi, mawa eni ake atha kutiuza kuti tichoke. Titani?

Mayi wa ku Chilobwe, Blantyre

Mayi,

Nkhawa yanu ndi yomveka. Aliyense amene anazungulirapo m'magolosale kupempha makatoni tsiku losamuka litafika, n'kumauzidwa kuti "ngogulitsa amenewa", sangataye katoni chisawawa. Komabe m'chipinda cha anamo achokemo sabata yomwe ino.

Tengani katoni imodzi muing'ambe, muyang'ane m'mphepete mwake. Muona timipata tambirimbiri pakati pa mapepalawo. Mmenemo ndimo mumabisala mphemvu ndi mazira ake, ndipo guluu womatira katoniyo ndi chakudya chawo. Zimanyanya m'makatoni ochokera kugolosale, omwe munali shuga, mabisiketi kapena mafuta ophikira. Mwina mphemvu zina za ku Ndirande mwasamuka nazo osadziwa. Katoni yogona pansi motsamira khoma imaitananso chiswe. Chimayambira kunsi kumene simukuona, pamwamba pakuoneka bwinobwino, ndipo chikamaliza chimalowera ku felemu ya chitseko, mlandu ndi eni nyumba n'kuyambika. Mvula ikayamba mu Novembala makatoniwo adzayamwa chinyezi n'kuchita chuku, ndiye mpweya umenewo si woti ana azipuma usiku wonse, makamaka ngati pali wina wa mphumu.

Sungani ochepa okha, olimba ndi ouma. Amatuleni tepi, muwaphwasule akhale afulati, muwamange ndi chingwe n'kuwaika pamwamba pa wadirobu, osati pansi. Katoni ya TV musaiphwasule: isungeni ndi zoyera zake zomwe, chifukwa zinaumbidwa molingana ndi TV yanuyo ndipo pa lole yodutsa m'mabampu palibe bulangete lingaiteteze kuposa zimenezo. Matumba akutumuleni, muwayanike padzuwa, muwapinde. Adzagwira ntchito pokolola.

Otsalawo aperekeni akadali ouma, poti katoni yonyowa palibe amaifuna. Amayi ogulitsa tomato ndi mazira pamsika amawafuna tsiku ndi tsiku. Woweta nkhuku amatchingira anapiye kuti asazizidwe. Funsaninso kutchalitchi kapena pagulu la banki m'khonde: kutha kwa mwezi sikulephera wina wosamuka. Ong'ambika, ngati muli ndi kadimba, achotseni tepi yonse, muwanyenye, muwanyowetse n'kuwathira m'dzenje la manyowa. Amaola bwino. Dzenjelo likhale patali ndi nyumba chifukwa cha chiswe chija.

Tsono kwa bambo. Kachidutswa ka katoni koyatsira mbaula palibe vuto. Koma majumbo, tepi ndi zoyera zija asaziotche, chonde. Utsi wake wakuda uja ndi poizoni, umaluma m'maso ndi m'chifuwa, ndipo mmene nyumba zilili zothithikana m'makwalala athu, oupuma ndi ana anu ndi a aneba omwe mwangodziwana nawo kumene. Kuponya m'ngalande nakonso ayi. Pulasitiki saola, amatseka njira ya madzi, mvula ikagwa madziwo n'kulowa m'nyumba za anthu, pulasitiki wina n'kukathera m'mitsinje ngati Mudi. N'chifukwa chake boma linaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana nalo mu 2019.

Majumbo olimba muzipita nawo kumsika mpaka atatha. Zopanda ntchito zonse zilongeni m'thumba limodzi, mumange pakamwa, bambo akazisiye pamalo pomwe khonsolo ya mzinda imatenga zinyalala. Limenelo ndilo ganyu lawo la Loweruka. Podikira tsikulo, thumbalo likhale posafikira ana. Mwana wamng'ono akavala jumbo kumutu amabanika m'kanthawi kochepa, ndipo timibulu ta zoyera zija amakonda kutilowetsa m'mphuno.