Mankhwala a BP Akapanda Kukuyanjani

Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa m'chaka cha 2009 adaonetsa kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno, mmodzi anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri timawatcha BP. Matendawa satha, koma amagonja munthu akamamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Nanga mankhwalawo akapanda kutiyanja, tichite chiyani?

Chizindikiro Choopsa

Mankhwala a enalapril amathandiza anthu ambiri, koma ena amatsokomola nawo chifuwa chouma chosatherapo. Choopsa koposa ndi kutupa kwa milomo, lilime, nkhope kapena pakhosi, pakuti kungatseke njira ya mpweya. Kutupaku kumachitika kawirikawiri kwa ife anthu akuda kuposa kwa azungu, ndipo kungayambe ngakhale mutamwa mankhwalawo zaka zingapo. Mukaona zotere musamwenso, ndipo thamangirani ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku: ku Thambani, ku Kunenekude, ku Tulonkhondo kapena ku chipatala chachikulu cha Mwanza.

Kusankha Mankhwala Ena

Munthu amene adatupa ndi enalapril asamwenso captopril kapena lisinopril moyo wake wonse, popeza onsewa ndi amtundu umodzi. Adokotala amasankha ena poyang'ana thupi la wodwalayo:

1. Amlodipine amatakasa mitsempha ya magazi. Nthawi zina amatupitsa akakolo. Zikatero afotokozereni adokotala.
2. Hydrochlorothiazide amatulutsa mchere ndi madzi kudzera mu mkodzo, choncho amwedwe m'mawa. Sayenerana ndi odwala nyamakazi ya gout.
3. Atenolol amachepetsa kugunda kwa mtima, koma odwala mphumu sawayanja.
4. Methyldopa amaperekedwa kwa amayi oyembekezera, chifukwa enalapril amavulaza mwana m'mimba.

Udindo Wanu

Pemphani kuti dzina la mankhwala amene adakuvutaniwo lilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo muzikaonetsa kulikonse kumene mwapita kukalandira chithandizo. Musabwereke mankhwala a mnzanu, ndiponso musagule ongogulitsidwa mumsika. Bwererani kukayezetsa pa tsiku limene mwauzidwa, kuti aone ngati BP yatsika pansi pa 140/90. Chepetsani mchere m'ndiwo, lekani fodya ndi mowa.

Ena akavutika ndi mankhwala amaleka onse chifukwa cha mantha. Kutero ndi kuitana kufa kwa ziwalo, matenda a impso ndi a mtima. Pamene simunamvetse, funsani. Safunsa adadya phula.