Kuthandiza Achinyamata Kusankha Maphunziro a Mayeso a Fomu 4: Phunziro Lochokera ku Chiradzulu

Mawu Oyamba

Msuweni wanga wina wa kudera la Namitambo adalemba mayeso a MSCE napeza mapointi 18. Tsiku limene zotsatira zidatuluka, pakhomo padali nthungululu, ndipo azakhali adagwira nkhuku. Mtsikanayu ankafuna unamwino kuyambira ali ku pulayimale, ndipo sukulu ya anamwino ya St Joseph's ku Nguludi ili m'boma lathu lomweli. Koma atawerenga zofunika pofunsira malo, adazindikira kuti khomo lidatsekeka kale zaka ziwiri m'mbuyomo, tsiku limene adasiya Fizikisi ndi Kemisitiri polowa Fomu 3. Palibe amene adamuletsa, komanso palibe amene adamufunsa kuti akufuna kudzagwira ntchito yanji. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza mmene makolo, aphunzitsi ndi ife amene tidadutsamo tingathandizire achinyamata pa chisankhochi. Mfundo yaikulu ndi yakuti mwana asankhe maphunziro poyang'ana khomo limene akufuna kudzalowa, osati pongofuna kuchepetsa mapointi.

Mmene Mayeso Amayendera

Mayeso a MSCE amakonzedwa ndi bungwe la MANEB limene likulu lake lili ku Zomba. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kupambana kwambiri, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, pamene 9 ndi kulephera. Mapointi amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwana wachita bwino, choncho mapointi abwino koposa ndi 6. Chingerezi chili ndi malo akeake: wolephera Chingerezi sapata satifiketi ngakhale atakhoza ena onse. Kuti munthu afunsire malo m'mayunivesite a boma kudzera ku bungwe la NCHE, amafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pamwamba pa izi kosi iliyonse imatchula maphunziro ake amene imayang'ana.

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Tiyerekeze ana awiri. Woyamba wapeza 4 m'Chingerezi, 2 m'Chichewa, 2 m'Baibulo, 3 mu Histole, 3 m'Zaulimi ndi 4 m'Bayoloje, koma Masamu wapeza 7. Onse pamodzi ndi mapointi 18. Wachiwiri wapeza 4 m'Chingerezi, 4 m'Masamu, 3 m'Bayoloje, 5 m'Fizikisi, 4 m'Kemisitiri ndi 4 m'Zaulimi, amene ndi mapointi 24. Kumudzi adzatamanda woyambayo. Koma onsewa akafuna unamwino kapena ntchito ina ya zachipatala, wachiwiri ndiye ali ndi maphunziro amene sukulu zotere zimayang'ana, pamene kalata ya woyambayo siwerengedwa n'komwe. Mapointi amangosiyanitsa anthu amene ayenerera kale.

Tiyeneranso kudziwa kuti zinthu zidasintha. Silabasi imene idayamba mu 2015 idagawa phunziro lakale la Physical Science kukhala awiri, Fizikisi ndi Kemisitiri. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi idagawidwa patatu: UNIMA ku Zomba, MUBAS imene idali Polytechnic, ndi KUHeS ya zaumoyo. Kholo limene lidalemba mayeso kale likhoza kulangiza mwana ndi mtima wabwino koma pogwiritsa ntchito nzeru zimene zidatha ntchito.

Zimene Zimasocheretsa Ana

Choyamba ndi mantha. Mwana akafika Fomu 3 amamva akuluakulu a Fomu 4 akunena kuti phunziro lakutilakuti ndi “lakupha”, ndipo amalisiya asadaliyese n'komwe. Monga wophunzira za chiyankhulo, ndaona kuti mawu amene ana amagwiritsa ntchito amaulula maganizo awo. Iwo amati “ndadropa”, ngati kuti atula katundu wolemera, pomwe kwenikweni ataya kiyi wa nyumba imene sadailowe.

Chachiwiri ndi kutsata anzawo kapena mphunzitsi. Ena amasankha phunziro chifukwa mnzawo wapamtima walitenga, ena amalithawa chifukwa mphunzitsi wake ndi waukali. Mphunzitsi angathe kusamutsidwa teremu yamawa, koma satifiketi ndi ya moyo wonse.

Chachitatu ndi kusowa kwa zipangizo. Ana ambiri a ku Chiradzulu amaphunzira m'sukulu za CDSS, zimene zidachokera ku malo ophunzirira a MCDE kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. M'sukulu zambiri zotere labotale kulibe kapena ilibe zida zokwanira, ndipo aphunzitsi a sayansi ndi ochepa. Si chilungamo kumunena mwana kuti ndi waulesi pamene akuopa mayeso ogwira ndi manja a Kemisitiri chikhalirecho sadaonepo botolo la asidi.

Chachinayi ndi maganizo akale akuti Masamu ndi sayansi ndi za anyamata. Maganizowa sanenedwa poyera masiku ano, koma amaoneka pamene mtsikana wasiya Fizikisi ndipo pakhomo palibe wodabwa.

Njira Zothandizira Mwana

Njira yoyamba ndi kuyambira kumapeto. Wothandiza afunse mwana ntchito zitatu zimene amazilakalaka, osati imodzi yokha, kenaka afufuze limodzi maphunziro amene ntchitozo zimafuna. Chiradzulu ndi boma laling'ono, koma lili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Ku Nguludi kuli Yunivesite ya Katolika imene idatsegulidwa mu 2006, sukulu ya anamwino, ndi koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana aulumali. Ku Mikolongwe kuli koleji ya madokotala a ziweto ndi sukulu ya ntchito zamanja ya DAPP. Ku Magomero kuli koleji ya zachitukuko cha m'madera, ndipo bomali lilinso ndi koleji yake ya aphunzitsi a pulayimale. Yunivesite ya MUST ili pafupi, ku Ndata m'boma la Thyolo. Mwana wa Fomu 2 angathe kupita ndi mphunzitsi kapena kholo ku amodzi mwa malowa kukafunsa yekha zimene amafuna. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Njira yachiwiri ndi kuyang'ana umboni. Mayeso a JCE, amene adaimitsidwa kwa zaka zingapo nayambiranso mu 2021, pamodzi ndi malipoti a materemu 6 a Fomu 1 ndi 2, amasonyeza pamene mwana ali ndi mphamvu. Koma giredi yotsika ifunsidwe chifukwa chake. Kodi mwana sakulimva phunzirolo, kapena kalasi idakhala teremu yathunthu popanda mphunzitsi? Kodi vuto ndi Bayoloje, kapena ndi Chingerezi chimene funso lalembedwera? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa kupatula Chichewa ndi ziyankhulo zina monga Chifalansa, mayeso onse amalembedwa m'Chingerezi. Mwana amene kwawo amayankhula Chichewa, Chilhomwe kapena Chiyao, nthawi zina amadziwa yankho koma sadamvetse mawu amodzi a m'funso. Wotere safunika kusiya phunziro, afunika kuwerenga mabuku ambiri.

Njira yachitatu ndi kusunga makomo otsegula. Mwana wa zaka 15 kapena 16 amasintha maganizo, ndipo si cholakwa. N'chifukwa chake Chingerezi ndi Masamu zisamatengedwe mopepuka, pakuti ngakhale makosi a zamalonda ndi zachuma amayang'ana Masamu. Amene sadatsimikize njira yake ndi bwino asunge Bayoloje ndi limodzi mwa maphunziro awiri a sayansi aja. Komabe kutenga maphunziro ochuluka kwambiri pofuna kukhala paliponse nakonso n'koopsa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Njira yachinayi ndi kulemekeza mphatso iliyonse. Sitikunena kuti aliyense akhale wa sayansi. Dziko likufuna maloya, atolankhani, omasulira ndi aphunzitsi a ziyankhulo, ndipo anthuwa amachokera ku Histole, Jogalafe, Chichewa ndi Chingerezi. Ine ndidalimbikira Chichewa anzanga akundiseka kuti ndi phunziro la anthu ofooka, koma lero ndi limene ndikuphunzira pa yunivesite. Chimodzimodzinso, amene manja ake ndi aluso adziwe msanga za makosi a TEVETA monga zamagetsi, ukalipentala ndi zomangamanga, asawaone ngati kothawira olephera.

Udindo wa Makolo ndi Sukulu

Makolo ambiri amati, “Ife sitidapite patali, zimenezo adziwa ndi aphunzitsi.” Koma kholo ndi limene limamudziwa mwana: limadziwa amene amawerengera ndalama za nandolo molondola, amene amasamala mbuzi ikadwala, ndi amene amakonza wailesi ikafa. Kholo lingofunsa mafunso atatu: Wasiya phunziro liti? Chifukwa chiyani? Nanga ntchito imene ukufuna silifuna phunzirolo? Sukulu nazo zisalole mwana kusiya phunziro pongoleka kulowa m'kalasi. Pakhale tsiku, Fomu 3 isadayambe, limene mwana, kholo ndi mphunzitsi akhala pansi kukambirana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ife a m'makoleji tikapita kwathu patchuthi tingathe kutenga nyuzipepala imene muli chilengezo cha NCHE ndi kukawerenga ndi ana a pa sukulu yathu yakale. Zimenezi sizilira ndalama.

Mawu Omaliza

Msuweni wanga uja adabwerera ku sukulu ya masana, nayambanso Fizikisi, Kemisitiri ndi Masamu. Azakhali adagulitsa mbuzi ziwiri kuti alipire, ndipo anzake amene adalemba nawo ali kale patsogolo ndi zaka ziwiri. Akulimbikira, ndipo ndikhulupirira kuti adzafika. Koma zaka ziwirizo ndi mbuzi ziwirizo zikadapulumuka ndi kucheza kwa ola limodzi lokha iye asadalowe Fomu 3. Mng'ono wake ali Fomu 2 tsopano, ndipo tchuthi chikubwerachi ndalonjeza kupita naye ku Nguludi ndi ku Mikolongwe kuti akadzifunsire yekha. M'mera m'poyamba.