Kujambula Ampangankhani pa Foni ndi pa Kompyuta: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka ndi ka achinyamata amene anazolowera kujambula ndi bolopeni kumapeto kwa kope la kusukulu, ndipo tsopano akufuna kujambula anthu a m'makatuni ndi a m'nthano zazithunzi pa foni kapena pa kompyuta.

Ndilibe kompyuta. Kodi ndidikire kaye mpaka nditaipeza?

Musadikire. Foni yomwe muli nayoyo ndi yokwanira poyambira. Pulogalamu ya ibisPaint, yochokera ku Japan, imagwira pa mafoni a Android ndi pa iPhone osalipira kanthu, kungoti imakuonetsani zotsatsa malonda. MediBang Paint ndi Sketchbook nazonso mutha kuyamba nazo ulere. Chala chimajambula ndithu, koma chimabisa pamene mzere ukulowera, choncho kacholembera ka mphira kunsonga n'kothandiza.

Amene muli ndi laputopu tengani Krita. Ndi yaulere, imagwira pa Windows, Linux ndi Mac, ndipo mukaitsitsa kamodzi siidyanso bandulo pojambula. Photoshop ndi yotchuka koma amalipiritsa mosalekeza, pomwe Procreate, imene inatuluka mu 2011 kuchokera ku Hobart, ku Australia, imafuna iPad. Kusowa ziwirizi kusakudwalitseni mutu.

Nanga tabuleti yojambulira ndigule yotani?

Ilipo ya mitundu iwiri: ina ili ndi sikirini yakeyake, ina ndi kabolodi chabe kamene dzanja limayendapo maso ali pa kompyuta. Kwa woyamba kumene, kabolodi kakang'onoko n'kokwanira. Masiku oyamba dzanja ndi maso sizigwirizana, koma zimazolowerana. Wacom ya ku Japan ndiyo yakale pa malondawa. Huion ndi XP-Pen za ku China zimatsikirako mtengo. Pabokosi mudzaona 4096 kapena 8192, kutanthauza mmene cholembera chimamvera kukanikiza kwa dzanja, kuti mzere unenepe kapena uwonde. Ogulitsa amanyadira manambalawa, koma dzanja la wophunzira silingasiyanitse awiriwo.

Papepala ndimajambula bwino, koma pa sikirini mizere yanga imanjenjemera. Chavuta n'chiyani?

Sikirini ndi yoterera, ilibe kukhakhala kumene kumagwira pensulo papepala. Mukakoka mzere pang'onopang'ono, kunjenjemera kulikonse kwa dzanja kumaonekera. Kokani mofulumira, mukuyendetsa mkono wonse kuyambira pachigongono, osati zala zokha. Mapulogalamu ambiri alinso ndi Stabilizer, imene imawongola mzere pamene mukukoka; muitsegule pang'ono chabe, chifukwa ikachuluka mizere imafanana yonse ndipo chithunzi chimauma.

Palibenso lamulo loletsa pepala. Jambulani ndi pensulo, tolani chithunzicho ndi kamera ya foni, chilowetseni m'pulogalamu, kenako muzidutsa pamwamba pake ndi mizere yoyera bwino.

Ma layer amene aliyense amawatchula ndi chiyani?

Ali ngati mapepala apulasitiki oonekera mkati, osanjikizana. Chimene mwajambula pa limodzi mutha kuchifufuta osakhudza enawo. Asanu amakwanira: la zoyeserera, la mizere yeniyeni, la mitundu pansi pa mizereyo, la mithunzi, ndi la kuwala. La mithunzi muliike pa Multiply kuti lidetse mitundu ya pansi osaikwirira. Pa foni musawachulukitse, amalemetsa pulogalamu mpaka kuzima yokha.

Kodi mpangankhani wabwino amayambira pati? Ine ndimayamba ndi maso.

Apa m'pamene ambiri amatayira nthawi. Munthu amatha madzulo onse akukongoletsa diso limodzi, nsidze, kuwala kwa m'kamwana ka diso, pomwe thupi limene disolo likhalepo sanaliganizire n'komwe. Woonera sayamba ndi diso. Amayamba kuona maonekedwe onse a munthuyo ali patali, monga mmene mumazindikirira mbale wanu madzulo, nkhope musanaione.

Taganizirani Mickey Mouse, amene Ub Iwerks anamujambulira Walt Disney mu 1928. Mutamupaka yense utoto wakuda, makutu ozungulira awiri aja angamuulule. Matt Groening anapanga banja la The Simpsons mwadala kuti aliyense azidziwika ndi chithunzithunzi chake chokha: tsitsi lalitali la Marge, mutu wa manomano wa Bart. Mu filimu ya Up ya 2009, a ku Pixar anapatsa mkulu wina dzina lake Carl mutu ndi magalasi a makona anayi, poti ndi munthu wouma khosi amene wadzitsekera m'nyumba, ndipo kamnyamata Russell anakapanga kobulungira, kofewa. Zozungulira zimapereka chithunzi cha kufatsa, za makona anayi kulimba kapena liuma, zosongoka ukali kapena changu. Si lamulo la Mose, koma limagwira ntchito kawirikawiri.

Tsono musanagwire cholembera, dzifunseni: munthuyu ndi ndani, amagwira ntchito yanji, amaopa chiyani? Tiyerekeze ndi mnyamata wa kabaza. Akatumba a m'miyendo akhale otukuka, msana wowerama pang'ono, mwendo umodzi wa buluku aupisire m'sokosi kuti tcheni chisaugwire. Zitatu zokhazi zanena kale mbiri yake, asanatsegule pakamwa. Jambulani tizithunzi takuda ting'onoting'ono tambirimbiri ta munthu yemweyo, kena kataliko, kena kojintcha, kena kovala chipewa, osaikamo nkhope. Muonetse mnzanu, anene yekha kuti uyu ndi ndani. Akalephera, bwererani; mitundu yokongola siidzakonza zimenezo.

Anthu anga amatuluka ndi mitu ikuluikulu ndi mikono yaifupi. Ndingatani?

Ojambula amayeza thupi ndi mutu wa mwini wake. Munthu wamkulu amatalika pafupifupi mitu isanu ndi iwiri ndi theka. Ngwazi za m'mabuku azithunzi amazipatsa isanu ndi itatu kuti zioneke zamphamvu. Mwana wongoyamba kuyenda ali ndi mitu inayi kapena kuposerapo pang'ono. Maso amakhala pakatikati pa mutu, osati chakumtunda kumene ambiri amawaika. Mikono ikalendewera, zigongono zimafika m'chiuno ndipo nsonga za zala zimafika pakati pa ntchafu. Andrew Loomis analongosola miyezo yotere m'buku lake la 1943, Figure Drawing for All It's Worth, limene ophunzira akuligwiritsabe ntchito. Makatuni amaswa miyezoyi, inde, koma amaiswa akuidziwa.

Miyezo payokha imatulutsa anthu oima ndi, ngati ali pa mzere wa asilikali. Mankhwala ake ndi kujambula anthu amoyo mothamanga, aliyense masekondi 30 mpaka mphindi ziwiri: pamsika, pa depoti, pabwalo la mpira. Musasamale nkhope, gwirani kupindika kwa msana ndi mwendo umene wanyamula thupi. Mayi amene wasenza ndowa saima mofanana ndi amene wabereka mwana.

Chinanso chimene pepala silingakupatseni mosavuta: tembenuzani chithunzicho kuti kumanja kukhale kumanzere. Mu Krita mungodina M. Diso lopendekera limene simumaliona lija lidzakuonekerani pomwepo.

Maphunziro ambiri a pa YouTube amaonetsa khungu loyera. Nanga khungu lathu ndilipake bwanji?

Musangotenga bulauni mmodzi n'kumudetsa ndi wakuda, chifukwa nkhope imaoneka ngati yodzola phulusa. Khungu lakuda lili ndi kufiirira mkati mwake, lina limapendekera ku chikasu. Pa mithunzi sunthirani mtundu ku kufiira kozama kapena ku pepo. Khunguli limanyezimiranso kwambiri, ndiye pamphumi, pamphuno ndi pamasaya pamatenga mtundu wa kuwala kumene kulipo: kubiriwira kwa thambo masana, chikasu cha nyali usiku. Zikhatho ndi kunsi kwa mapazi n'zoyererako.

Tsitsi muyambe ndi mulu wake wonse, kenako muonetse kupotana kwake m'mphepete ndi pamene kuwala kwagunda, osati kujambula tsitsi limodzilimodzi. Ngati ndi loluka, tsatani mizere ya pamutu mmene ikuzungulirira chigaza. Maluwa a pachitenje nawo azipindika motsata makwinya a nsalu, asamakhale ngati mwangowamata.

Amene akufuna chitsanzo aonere Supa Team 4, katuni ya pa Netflix ya 2023, imene anayambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia. Nkhani yake imachitikira mu Lusaka wam'tsogolo, ndipo atsikana ake anayi amasiyana khungu, tsitsi ndi thupi lomwe.

Kodi kuonera chithunzi cha wina pojambula ndi kuba?

Kuonera chithunzi cha njinga kuti mudziwe mmene tcheni chimakhalira si kuba, akatswiri onse amatero. Kujambula Naruto wa Masashi Kishimoto kapena Goku wa Akira Toriyama pophunzira n'kwabwinonso, bola munene kuti mwini wake ndi ndani. Kuba ndi kudinda ntchito ya mnzanu n'kusainapo dzina lanu, kapena kugulitsa mpangankhani wa eni ake pa matisheti popanda chilolezo. Ku Malawi zimenezi zili pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe loyang'anira ndi COSOMA. Lamulo lomwelo limatetezanso ntchito yanu.

Ndikamujambula kachiwiri, mpangankhani wanga amasintha nkhope. Ndimuletse bwanji?

Mupangireni tsamba lakelake: kutsogolo, chammbali, kumbuyo, ataima pa mzere umodzi, ndipo mizere yopingasa idutse pachibwano, pamapewa, m'chiuno ndi m'mawondo. Pansi pake muike nkhope yake akuseka, atakwiya, akuchita mantha, atatopa, ndiponso timadontho ta mitundu yake, itatu kapena inayi basi. Nthawi iliyonse mukamamujambula, tsambalo likhale pambali.

Ndinakasindikiza chithunzi changa, chinatuluka chosaoneka bwino. Ndinalakwitsa pati?

Mwina pepala munaliyamba laling'ono. Chosindikiza chimafuna 300 dpi, ndipo pa A4 amenewo ndi mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Muziika kukula kumeneku musanayambe, poti kukulitsa pambuyo kumangofufumitsa chithunzi. Mitundu nayo imazilala pang'ono papepala, chifukwa sikirini imagwiritsa ntchito kuwala, RGB, pomwe makina osindikizira amasakaniza inki, CMYK; obiriwira ndi pinki owala kwambiri ndiwo amavutika.

Potumiza chithunzi pa WhatsApp, chitumizeni ngati Document, apo ayi amachichepetsa. Sungani mafayilo awiri: la PNG loonetsa anthu, ndi la pulogalamu yanu, KRA kapena PSD, limene ma layer onse alimo, kuti wokupatsani ntchito akafuna malaya ofiira m'malo mwa obiriwira musayambirenso. Ndipo poti magetsi sapereka chenjezo, dinani Ctrl ndi S pafupipafupi kuti musunge ntchito, ndipo ntchito yomalizidwa muziikopera pa fulashi kapena pa Google Drive.