Phunziro: Luso Latsopano Powamba Nsomba

Masomphenya a Malawi 2063, omwe boma lidakhazikitsa mu 2021, amalimbikitsa nzeru zatsopano ndi mabizinesi pofuna kutukula chuma. Kwa ife kuno kwa Tengani, ntchitoyi iyambire pa doko.

Chifukwa cha kutentha, milamba ndi mphende za mu Shire zimaonongeka msanga zisanafike pa msika wa Bangula kapena Nsanje. Zowambira pa dzenje zimapserera ndipo zimatha nkhuni zambiri.

Uvuni wa Chorkor, womwe udayambira ku Ghana mu 1969, umamangidwa ndi dothi kapena njerwa. Nsomba timaziyala pa mathileyi a waya osanjikiza, kotero moto umodzi umawamba zambiri. Zimauma bwino ndi kusungika, ndipo mwini wake sakakamizika kugulitsa motchipa dzuwa likapendeka.

Motero phindu limakula popanda kuonjezera maukonde kapena kupha tiana ta nsomba ndi neti ya udzudzu, yomwe ndi yoletsedwa.

Zokambirana m'komiti:
1. Pa doko lanu, nsomba zimaonongekera pati?
2. Kodi amayi a banki m'khonde angamange uvuni umodzi n'kumalipiritsa owambirapo?