Phunziro la Akatekisti: Mbale Wathu Asapirikitsidwe

Akristu okondedwa, pakati pathu alipo amuna amene mtima wao ukokera kwa amuna anzao, ndi akazi kwa akazi anzao. Ambiri anabatizidwa monga ife. Kodi tikhale nao bwanji?

Eklezia aphunzitsa kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo chiphunzitso chimenechi sichinasinthe. Koma Katekisimu wa Eklezia Katolika, wa chaka cha 1992, pa nambala 2358, atilamulanso kulandira anthu otere mwaulemu ndi mwachifundo, osawasala mopanda chilungamo. Kale mu 1986, kalata ya ku Roma yopita kwa Aepiskopi onse inadzudzula mchitidwe wowatukwana ndi kuwamenya. Mu 2023 Papa Francis ananena kuti kukhala wotero si mlandu.

Tsono inu akatekisti, mukamva mphakati ukunong'ona za mnyamata wina, chitani zitatu izi: letsani miseche, langizani makolo kuti asapirikitse mwana wao pakhomo, mperekezeni kwa bambo mfumu akacheze kumbali.

Kumbukirani mkazi uja wa pa Yohane 8. Ambuye Yezu anayamba amlanditsa ku miyala, ndipo pambuyo pake anamlangiza.

Funso lokambirana: Kodi ife tiyamba ndi chiani, mwala kapena chifundo?