Kudinda Masamba pa Nsalu

Tayang'anani chitenje chanu. Duŵa limene lili m'mphepete lilinso pakati. Wojambula anajambula duŵa limodzi lokha, makina ndiwo analibwereza. Inunso mungathe kutero pakhomo panu.

Dulani mbatata yaikulu pakati. Ikani tsamba la bonongwe podulapo, ndipo semani ndi mpeni mozungulira tsambalo. Chidindo chanu ndi chimenecho.

Musafulumire kudinda. Chapani nsalu, muisite, muiyale patebulo. Lembani mabokosi a masentimita 10 ndi choko. Pamzere woyamba dindani pakati pa bokosi lililonse. Pamzere wachiŵiri dindani pamene mabokosi aŵiri akumana, monga m'mene amisiri amayalira njerwa. Mukatero masamba amadzaza nsalu bwino, osasiya mipata yonga misewu.

Yambani mwayesa panyuzipepala. Utoto wa nsalu ukaloŵa sufufutika, ndipo nsalu yodindidwa mokhota imasoŵa wogula. Utoto ukauma, sitani nsaluyo kuseri kuti isasuluke.

Tsamba laling'ono limakhala bwino pa diresi la mwana, lalikulu pa makatani.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani timayamba talemba mabokosi?
2. Tchulani masamba atatu a kwanu amene mungadinde.